Ndingatsimikize bwanji kuti domain controller yakale inatsitsidwa bwino tisanaipumitse?

Mphatso_N

Akuluakulu, ndikupempha nzeru pa nkhani ya seva yakale imene ndauzidwa kuti ndiichotse pa netiweki mwezi uno usanathe. Sevayi dzina lake ndi DC01, ili ndi Windows Server 2012 R2, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali domain controller (seva yotsimikiza anthu olowa m'makompyuta) yodalirika ya domain yathu, imene pano ndingoitchula kuti ofesi.lan. Popeza Microsoft inasiya kupereka zigamba zaulere za chitetezo za 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023, akuluakulu a pantchito anagula maseva awiri atsopano, DC02 ndi DC03, onse a Windows Server 2019, ndipo anthu akulowa m'makompyuta awo popanda dandaulo lililonse.

Vuto ndi lakuti amene ankasamalira netiwekiyi ine ndisanabwere anangosiya mzere umodzi m'buku la ntchito, wakuti "DC01 yatsitsidwa, ingozimitsani." Kutsitsa n'kuichotsa seva pa udindo wa domain controller, koma iye sanalembe tsiku limene anachita zimenezi, sanalembe njira imene anatsata, ndipo panopa sakupezeka kuti ndimufunse. Sevayo ikadali yoyaka.

Pali zinthu zitatu zimene zikundikayikitsa. Ndikatsegula Server Manager pa DC01, ndikuona AD DS (pulogalamu yoyendetsa Active Directory, kaundula wa domain) ndi DNS (yomasulira mayina a makompyuta kukhala maadiresi) zikadalipo ngati kale. Ndikatsegula Active Directory Sites and Services, dzina la DC01 likuonekabe pansi pa Servers. Ndipo mu DNS, pa tsamba la Name Servers la zone ya ofesi.lan, DC01 ikuwerengedwabe limodzi ndi maseva atsopanowo. Komabe mu Active Directory Users and Computers akaunti ya sevayi siili mu Domain Controllers, ili mu Computers, zomwe zikusonyeza ngati ntchito inachitikadi, ngakhale ndikudziwa kuti akaunti munthu angathe kungoikoka ndi dzanja kuchoka mu foda ina kupita mu ina.

Kodi umboni weniweni wakuti seva inatsitsidwa mwadongosolo ndi uti, ndipo ndi zotsalira ziti zimene ndi zabwinobwino kuzipeza? Sindikufuna kufufuta chinthu chimene domain ikuchidalirabe, komanso sindikufuna kusiya seva yopanda zigamba ikuyaka chifukwa cha mantha chabe.

Mbewe

A Mphatso, mwachita bwino kusakhutira ndi mzere umodziwo, koma musade nkhawa msanga, chifukwa zinthu zitatu zimene mwatchulazi zimatha kutsala ngakhale seva itatsitsidwa mwadongosolo lonse. Kutsitsa domain controller ndi kuchotsa role ya AD DS ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kuyambira pa Windows Server 2012, munthu amatsitsa seva kudzera mu Server Manager kapena ndi lamulo la Uninstall-ADDSDomainController, seva imazima n'kuyakanso, ndipo mafayilo a pulogalamuyo amakhalabe pomwepo mpaka wina atabwerera kudzawachotsa. Ambiri sabwerera. Choncho kuona AD DS mu Server Manager sikukuuzani kanthu, kaya kumbali iyi kapena inayo.

Yambani ndi kuifunsa sevayo. Mu PowerShell pa DC01 lembani Get-CimInstance Win32_ComputerSystem | Select DomainRole. Mukapeza 4 kapena 5, sevayo ikadali domain controller, ndipo mzere wa m'bukuwo ndi wabodza. Mukapeza 3, ndi seva wamba imene ili membala wa domain, ndipo umu ndi mmene imakhalira seva yotsitsidwa bwino. Mukapeza 2, sevayo siili mu domain n'komwe, ndipo chimenecho nthawi zambiri chimasonyeza kuti inatsitsidwa mokakamiza, pakuti njira ya ForceRemoval imaisiya seva mu workgroup. Mungatsimikizenso mu registry, pa HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\ProductOptions, pamene ProductType imakhala LanmanNT pa domain controller ndi ServerNT pa seva wamba. Lembaninso net share muone ngati SYSVOL ndi NETLOGON (mafoda amene domain controller imagawa pa netiweki) zikugawidwabe. Pa seva yotsitsidwa siziyenera kuoneka. Ndipo popeza mnzathuyo sanalembe tsiku, tsegulani C:\Windows\debug\dcpromo.log mupite kumapeto kwake. M'menemo mupeza tsiku ndi nthawi imene ntchito inachitika, komanso ngati inatha bwino kapena inaima panjira.

Koma mfundo imene ndikufuna muigwire ndi yakuti seva siingakhale mboni ya mlandu wake womwe. Chimene DC01 ikudziwa za iyo yokha ndi theka chabe la nkhani, chifukwa kukhala domain controller kumalembedwa m'kaundula amene DC02 ndi DC03 akusunga. Pa kutsitsa kwadongosolo, seva imalumikizana ndi inzake, imatumiza zosintha zake zomaliza, imapereka maudindo amene inali nawo, ndipo inzakeyo imafufuta mbiri yake. Pa kutsitsa kokakamiza, seva imangodzichotsera yokha popanda kuuza aliyense, ndipo maseva otsalawo amapitiriza kuifunafuna. Ndiye umboni umene uli ndi mphamvu muyenera kuutenga kwa otsalawo, ndipo muwafunse onse awiri payekhapayekha, chifukwa ngati replication (kugawana zosintha) pakati pawo ili ndi vuto angakupatseni mayankho osiyana.

Lembani Get-ADDomainController -Filter * -Server DC02, kenako mubwereze ndi DC03. DC01 isaoneke m'mayankho onse awiri. Mukatero bwererani mu Sites and Services, mutambasule dzina la DC01 muone zimene zili m'kati mwake. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ngati m'katimo muli object yotchedwa NTDS Settings, domain ikuiwerengabe DC01 ngati domain controller, kaya sevayo ikunena zotani. Ngati mulibe, ndiye kuti chimene mukuonacho ndi chikhungwa chabe, pakuti kutsitsa kumachotsa NTDS Settings koma kumasiya object ya seva, poti mapulogalamu ena amatha kusunga zinthu zawo pansi pake. Chikhungwacho chimafufutidwa ndi dzanja, mutaonetsetsa kuti m'kati mulibedi kanthu.

Za akaunti imene ili mu Computers, mwanena zoona kuti munthu angaikoke ndi dzanja, choncho musayang'ane foda imene ili, yang'anani manambala ake. Akaunti ya domain controller imakhala ndi userAccountControl ya 532480 ndi primaryGroupID ya 516, pamene ya kompyuta wamba imakhala ndi 4096 ndi 515. Mukapeza 528384, ndiye kuti akauntiyo inasanduka ya seva wamba koma inatsala ndi chilolezo cha delegation (chochita zinthu m'dzina la anthu olowa pa iyo) chopanda malire, chimene ma domain controller amakhala nacho. Seva yakale yopanda zigamba siyenera kukhala ndi chilolezo chotero, ndipo ine ndingachichotse lero lomwe, osadikira tsiku lozimitsa.

Pomaliza lembani netdom query fsmo, muone kumene kuli maudindo asanu apadera otchedwa FSMO: Schema Master, Domain Naming Master, PDC Emulator, RID Master ndi Infrastructure Master. Kutsitsa kwadongosolo kumasamutsa maudindowa kokha, koma sikukufunsani kumene mukufuna kuti apite, moti ndi bwino kudziwa amene anawalandira. Kenako repadmin /replsummary ndi repadmin /showrepl pa maseva onse awiri. Ngati DC01 ikutchulidwa m'menemo limodzi ndi zolakwika monga 1722 kapena 8524, ndiye kuti pali amene akuiyembekezerabe. Ngati sikutchulidwa paliponse, ntchito inachitika, ndipo zotsalazo ndi zinyalala zoti musese.

Chisale_T

Ndikugwirizana ndi a Mbewe pa zonse, kupatula mawu akuti zotsalazo ndi zinyalala chabe, chifukwa zinyalala za mu DNS zimapweteka anthu ngakhale Active Directory ili yoyera. Koma ndisanafike pamenepo, ndiwonjezere zoti muchite ngati mwapeza NTDS Settings, pakuti pali njira ziwiri ndipo kuzisokoneza n'koopsa.

Ngati NTDS Settings ilipo ndipo DomainRole ikunena 4 kapena 5, musafufute kanthu. Seva imeneyo ndi yamoyo, ndipo ngati replication yake ikuyenda, ingoitsitsani mwadongosolo monga mmene zimayenera kukhalira poyamba. Ngati yakhala nthawi yaitali osagawana zosintha ndi inzake kupitirira tombstone lifetime (nthawi imene domain imakumbukira zinthu zofufutidwa), imene imakhala masiku 180 m'ma forest ambiri ndi masiku 60 m'ma forest akale kwambiri, mupeza event 2042 mu Directory Service log. Seva yotero musaikakamize kuti iyambenso kugawana ndi inzake, chifukwa ingabwezeretse zinthu zimene zinafufutidwa kalekale. Itsitseni mokakamiza, kenako muyeretse mbiri yake. Koma ngati NTDS Settings ilipo pamene DomainRole ikunena 2 kapena 3, ndiye kuti kutsitsa kokakamiza kunachitika kale ndipo chotsala ndi metadata cleanup, kutanthauza kuyeretsa mbiri ya sevayo mu Active Directory. Kale tinkachita zimenezi ndi ntdsutil yekha, koma kuyambira pa Windows Server 2008 kufufuta NTDS Settings mu Sites and Services, kapena akaunti ya sevayo mu Domain Controllers, kumayeretsa mbiri yonse. Maudindo a FSMO amene atsala pa seva yakufayo mumawalanda ndi Move-ADDirectoryServerOperationMasterRole mutawonjezera -Force, ndipo mukatero seva yakaleyo isabwererenso ngati domain controller kuchokera pa backup kapena snapshot.

Tsopano za DNS. Makompyuta sapeza domain controller pofunsa Sites and Services, amaipeza pofunsa marekodi a SRV, amene amanena seva imene ikupereka ntchito iliyonse. Netlogon imayesa kuchotsa marekodi ake pa nthawi yotsitsa, koma sikuti nthawi zonse imakwanitsa, ndipo marekodi a NS (a pa tsamba la Name Servers lija) kawirikawiri amatsala. Musadalire scavenging (njira ya DNS yochotsa yokha marekodi akale) kuti ikuchotsereni, chifukwa imabwera yozimitsidwa, ndipo ngakhale itayatsidwa siikhudza marekodi opanda nthawi yolembedwa pa iwo. Njira imene ine ndimatsata ndi kutsegula fayilo ya C:\Windows\System32\config\netlogon.dns pa DC02. Fayiloyi ili ndi mndandanda wa marekodi onse amene domain controller imadzilembera, ndipo paliponse pamene DC02 inadzilemba ndi pomwe muyenera kufufuza dzina kapena adiresi ya DC01: pansi pa _msdcs, _sites, _tcp ndi _udp, komanso mu DomainDnsZones ndi ForestDnsZones. Mu _msdcs muli rekodi ya CNAME yokhala ndi dzina lalitali la manambala ndi zilembo, limene ndi GUID ya NTDS Settings. Ngati ikuloza ku DC01, ichoke.

Malo atatu amene anthu amaiwala ndi awa. Oyamba ndi rekodi ya A ya dzina la domain lenilenilo, imene imaoneka pamwamba pa zone ndi mawu akuti same as parent folder. Ikatsala, kompyuta imene ikufuna \\ofesi.lan\SYSVOL nthawi zina imapatsidwa adiresi ya seva yakufa, ndipo wogwiritsa ntchito amangoona kuti kulowa kwachedwa lero, mawa kwafulumira, popanda chifukwa chooneka. Achiwiri ndi kafoda kotuwa ka _msdcs m'kati mwa zone yaikulu, kamene ndi delegation ya DNS (cholozera ku maseva amene akusunga zone ya _msdcs), ndipo nthawi zambiri kamakhala ndi dzina la domain controller yoyamba yokha. Achitatu ndi Name Servers za ma reverse lookup zone, zimene palibe amazitsegula. Mukamaliza, lembani nslookup -type=srv _ldap._tcp.dc._msdcs.ofesi.lan, mubwereze pofunsa seva iliyonse ya DNS, kenako dcdiag /test:dns. Onaninso mu ADSI Edit (chida choonera ndi kusinthira za m'kati mwa Active Directory) pansi pa CN=Topology,CN=Domain System Volume,CN=DFSR-GlobalSettings,CN=System ngati DC01 ikuwerengedwabe m'gulu logawana SYSVOL. Popeza muli ndi maseva a 2019, SYSVOL yanu ili kale pa DFSR, chifukwa 2019 siilola kukwezedwa mu domain imene ikugwiritsabe ntchito FRS, njira yakale yogawanira SYSVOL imene DFSR inalowa m'malo mwake.

Nankhoma

A Mphatso, abambo awiriwa ayankha funso limene munafunsa, koma ine ndikuona kuti pali funso lachiwiri limene ndi limene lingakuvuteni tsiku lozimitsa. Kutsitsidwa bwino ndi nkhani ina, kukhala yokonzeka kupumitsidwa ndi nkhani inanso. Seva imene yakhala domain controller kwa zaka zambiri imasenza ntchito zimene palibe analemba paliponse, ndipo kutsitsa sikukhudza ntchito zimenezo.

Chimene chandigwira mtima m'funso lanu ndi chakuti DNS ikadali yoyaka pa DC01. Seva ikatsitsidwa, ma zone amene amasungidwa mu Active Directory amachoka pa iyo, koma DNS Server imapitiriza kuyankha. Ngati ili ndi ma forwarder (maseva amene imatumizako mafunso amene yalephera kuyankha) oloza ku intaneti, kompyuta ikaifunsa za ofesi.lan imayankhidwa kuti dzinalo kulibe. Windows imasamukira ku DNS yachiwiri pamene yoyamba yakhala chete, koma ikayankhidwa kuti dzina kulibe imakhulupirira yankholo n'kusiya kufunsa. Mwa njira imeneyi seva yotsitsidwa imene ikuyankhabe ingathe kusokoneza kwambiri kuposa seva yozimitsidwa. Choncho tsegulani DHCP (yogawira makompyuta maadiresi) muone option 006, imene imatchula maseva a DNS, pa scope (gulu la maadiresi) iliyonse, osati pa Server Options pokha, chifukwa zimene zalembedwa pa scope zimaposa za pamwamba. Mukasintha, kumbukirani kuti lease (nthawi imene kompyuta yabwerekedwa adiresi) ya Windows DHCP imakhala ya masiku 8 ngati sinasinthidwe, ndipo makompyuta amayesa kuikonzanso ikafika theka, moti zosinthazo zimatenga masiku kuti zifike kwa onse. Maseva, mapulinta ndi zida zina zimene adiresi yake inalembedwa ndi dzanja, zimenezo muziyendera chimodzichimodzi.

Palinso zida zimene zimafunsa Active Directory kudzera mu LDAP mwachindunji pa adiresi ya DC01: makina ojambula mapepala amene amatenga mndandanda wa maimelo, firewall imene imatsimikiza anthu olowa pa VPN, mapulogalamu a malipiro kapena a zolembera antchito. Zambiri mwa izi zikanaleka kale kugwira ntchito tsiku limene seva inatsitsidwa, koma zina zili ndi adiresi yachiwiri ndipo zikungochedwa, pamene zina zimagwiritsidwa ntchito kamodzi pa mwezi kapena pa chaka. Fufuzaninso mu Group Policy ndi m'ma script olowera ngati muli njira zolembedwa \\DC01\ m'malo mwa dzina la domain. Onani ngati pa sevayo pali DHCP, NPS, ma share a mafayilo, mapulinta ogawidwa, kapena ntchito za mu Task Scheduler zimene zimayenda usiku. Za Certificate Services simuyenera kudandaula kwambiri, poti Windows imakana kutsitsa domain controller imene ili ndi role imeneyo, koma ndi bwino kuona ngati inasamutsidwa kapena inangochotsedwa.

Nthawi nayonso muione. PDC Emulator ndiyo imapereka nthawi ku domain yonse, ndipo udindowu ukasamuka, dongosolo lotenga nthawi kunja silisamuka nawo. Pa seva imene ili ndi udindowu lembani w32tm /query /source. Ikayankha kuti Local CMOS Clock, kapena ikatchula DC01, konzani, chifukwa Kerberos, njira yotsimikizira olowa mu domain, imakana kusiyana kwa nthawi kopitirira mphindi 5.

Chinthu china chimene sichibwerera chikatayika ndi kiyi ya EFS. Pa domain controller yoyamba ya domain, Windows imasunga kiyi yobwezeretsera mafayilo obisidwa ndi EFS mu profile ya Administrator wa domain pa seva imeneyo yokha. Lowani pa DC01 ndi akauntiyo, mutsegule certmgr.msc, ndipo mukapeza satifiketi ya File Recovery yokhala ndi kiyi yake, muitulutse muisunge pamalo otetezeka disiki isanafufutidwe.

Uphungu wanga ndi wakuti musapite pa kufufuta mwachindunji. Yatsani debug logging ya DNS pa DC01, kapena mujambule zimene zikufika pa ma port 53, 88, 389, 445 ndi 636, kuti muone ndi maso ndani akugogodabe pakhomo pake. Mukakonza onsewo, zulani waya wa netiweki koma makina muwasiye osakhudza mpaka ntchito za kumapeto kwa mwezi zitadutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akuluakulu anu angamvetse ngati mutawauza kuti seva yachoka pa netiweki m'nthawi yake koma disiki idikira pang'ono.

Mphatso_N

Zikomo kwambiri nonse, ndatsata zimene mwandiuza ndipo ndabwera ndi zimene ndapeza. DomainRole ikunena 3, ProductType ndi ServerNT, SYSVOL ndi NETLOGON palibe, ndipo dcpromo.log ikusonyeza kuti ntchito inatha popanda cholakwika. DC02 ndi DC03 onse sakuitchula DC01, pansi pa dzina lake mu Sites and Services mulibe NTDS Settings, maudindo onse asanu ali pa DC02, ndipo repadmin sikusonyeza vuto. Akaunti ili ndi 4096 ndi 515. Zikuoneka kuti mnzathuyo anatsitsadi mwadongosolo.

Mu DNS ndapeza zimene a Chisale ananena: marekodi a NS m'ma zone onse, ndi kafoda kotuwa ka _msdcs kamene kanali ndi DC01 yokha. Mayi Nankhoma, munalasa pomwepo, chifukwa scope ya alendo ndi ya chipinda chophunzitsira zonse zinali ndi DC01 ngati DNS yoyamba, ndipo makompyuta a m'chipindacho ndi amene anthu akhala akudandaula kuti nthawi zina amakana kutsegula ma drive a pa netiweki. DC02 nayo ikutenga nthawi ku Local CMOS Clock. Satifiketi ya File Recovery sindinaipeze.

Koma pali chinthu china chimene ndakumana nacho ndili mu ADSI Edit. Pa CN=Infrastructure m'kati mwa DomainDnsZones, attribute ya fSMORoleOwner ili ndi mawu akuti 0ADEL otsatiridwa ndi manambala ambiri, ndipo dzina la seva limene lili m'menemo si DC01, ndi SRV2003, seva imene sindinaionepo ndipo siili paliponse pa netiweki. Mu ForestDnsZones zilinso chimodzimodzi. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti kutsitsa kwa DC01 kunalakwika penapake, ndipo ndingapitirize kuzimitsa zisanakonzedwe? Ndikufunanso kudziwa ndondomeko yabwino yochotsera zotsalazi, ndiyambe chiti nditsirize chiti.

Mbewe

Ayi, a Mphatso, zimene mwapezazo sizikukhudza DC01. Ndi chipsera cha seva ina imene inachotsedwa kalekale, mwina mnzathu uja asanayambenso ntchito. Kupatula maudindo asanu odziwika, partition iliyonse ya DNS ili ndi mwini wake wa Infrastructure, amene netdom query fsmo samuonetsa, ndipo mawu akuti 0ADEL akungosonyeza kuti attribute ikuloza ku object imene inafufutidwa. Tsiku ndi tsiku sizisokoneza kanthu, n'chifukwa chake zakhala zaka osaoneka, koma zimadzatulukira pa adprep /rodcprep, ndipo nthawi zina zimaimitsa kutsitsa kwa domain controller ina. Konzani tsopano pamene zonse zili bata. Lumikizani ADSI Edit ku DC02 yeniyeniyo, popeza ndiyo mukufuna kuipatsa udindowu, mukope distinguishedName ya NTDS Settings yake, muiike mu fSMORoleOwner m'ma partition onse awiri, kenako muone pa DC03 ngati kusinthako kwafika. Microsoft inatulutsanso script yotchedwa fixfsmo.vbs imene imachita zomwezi.

Dzina la SRV2003 likuyankhanso nkhani ya satifiketi. DC01 sinali domain controller yoyamba, choncho kiyi ya EFS sikanakhala pa iyo. Tsegulani Default Domain Policy muone satifiketi imene ili pansi pa Encrypting File System, ndipo ngati palibe amene ali ndi kiyi yake, pangani recovery agent watsopano. Likusonyezanso kuti forest yanu ingakhale ya nthawi ya masiku 60, choncho onani tombstoneLifetime pa CN=Directory Service,CN=Windows NT,CN=Services mu Configuration. Ngati ilibe nambala, Windows imawerenga 60, ndipo backup ya domain controller yopitirira msinkhu umenewo singabwezeretsedwe.

Za ndondomeko, yambani ndi zimene zikupweteka anthu panopa. Sinthani option 006 m'ma scope awiriwo ndi kukonza nthawi pa DC02. Mu kafoda ka _msdcs onjezani DC02 ndi DC03 poyamba, kenako muchotse DC01, kuti delegation isakhale yopanda seva ngakhale kwa kanthawi. Chotsani marekodi a NS ndi chikhungwa cha mu Sites and Services. Ma lease akasinthika ndipo log ya DNS pa DC01 yakhala chete, imitsani DNS Server pa iyo, kenako muzule waya monga mayi Nankhoma anenera. Akaunti ya kompyuta muyambe mwaitseka, ndipo mudzaifufute limodzi ndi marekodi ake a A ndi PTR nthawi yodikira ikatha. Ngati DC01 inalinso seva ya DHCP, Get-DhcpServerInDC ikuonetsani ngati ikadali pa mndandanda wa zololedwa, ndipo Remove-DhcpServerInDC iichotsa.

Disiki muisamale kwambiri. Kutsitsa kumafufuta ntds.dit, fayilo imene imasunga ma hash a mapasiwedi a domain yonse, koma kufufuta fayilo sikutanthauza kuti zimene zinali m'menemo zachoka pa disiki. Makina asatuluke m'manja mwanu madisiki asanafufutidwe ndi chida cholemba pamwamba pa zonse, kapena asanaphwanyidwe. Chimodzimodzi ma backup akale a System State a DC01 ndi ma snapshot ake ngati alipo: amene akufunika asungidwe motsekedwa ngati mmene mumasungira a DC02 ndi DC03, otsalawo awonongedwe, ndipo adiresi ya IP ya DC01 musaipatse chida china mpaka mutatsimikiza kuti palibe chimene chikuifunsabe.